Kodi ufa wa almond ndi buledi wa Banting n'zoyenera ndalama zanu?

Mayi wina wa pa boma la Mangochi wandilembera imelo. Akuti atapimidwa kuchipatala anauzidwa kuti shuga wa m'magazi mwawo wakwera, ngakhale sanafike poti ayambe mankhwala, ndipo analangizidwa kuti achepetse thupi. Iwo anasankha kadyedwe kochepetsa sitachi ndi shuga. Mlongo wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg wayamba kuwatumizira pa basi ufa wa mtedza wakunja wotchedwa almond, ufa wosakaniziratu wophikira buledi wa Banting, timapiritsi totsekemeretsa tiyi ndi chokoleti cholembedwa kuti mulibe shuga. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi zinthu zolowa m'malo mwa nsima, buledi ndi shugazi n'zothandizadi, kapena ndikungomuvutitsa mlongo wangayu?"

Mayi, zina mwa zinthuzi zili ndi ntchito yake, koma zambiri sizikuyenera ndalama zomwe achimwene anu akuwononga, ndipo zomwe zingakuthandizeni kwambiri zili kale mumsika wa Mangochi.

Sindikudabwa kuti katunduyu akuchokera ku South Africa. Dzina la Banting ndi la William Banting wa ku London, yemwe mu 1863 analemba za mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi, ndipo kadyedweka kanatchuka kwambiri ku South Africa chifukwa cha Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town. Anthu atayamba kukatsatira mwaunyinji, makampani nawo anayamba kupanga buledi, mabisiketi ndi ufa zomatidwa dzinali. Kadyedweko kanayamba ndi kusiya zakudya zina, koma malonda ake amafuna kuti mupitirize kudya zomwezo mumtundu wina wokwera mtengo.

Kuti muone ngati cholowa m'malo chili ndi phindu, muyenera kudziwa mulingo womwe mukutsata. Akatswiri ambiri amati munthu akuchepetsa sitachi ngati akudya sitachi ndi shuga zosapitirira magalamu 130 patsiku, pomwe otsatira keto, kadyedwe kochepetsa kwambiri sitachi, amatsika kufika pakati pa 20 ndi 50. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi sitachi pafupifupi magalamu 75, ndipo mitanda iwiri yaikulu ya nsima imatha ufa woposa pamenepo. Mukadya nsima yotere masana ndi madzulo, mwadutsa kale mulingo musanawerengere tiyi wa shuga ndi mandasi a m'mawa.

Ndikufuna ndikhalitse pa zolowa m'malo zomwe simunandifunse, chifukwa ndi zimene zimasokoneza anthu ambiri kuno kwathu. Munthu akauzidwa kuti achepetse sitachi, achibale amamuuza kuti asiye ufa woyera adzidya mgaiwa, asiye buledi woyera adzigula wabulawuni, asiye shuga adzithira uchi. Mgaiwa ndi wabwinodi kuposa ufa woyera chifukwa gaga wake sanachotsedwe, motero uli ndi faiba ndi michere yambiri, koma sitachi yake ndi pafupifupi yofanana ndi ya ufa woyera. Kondowole naye ndi sitachi yokhayokha. Chinangwa chachiwisi chili ndi sitachi ndi shuga pafupifupi magalamu 38 pa 100 aliwonse, mbatata pafupifupi 20, buledi wabulawuni oposa 40, ndipo uchi umapitirira 80. Thobwa ndi phala la chimanga ndi mawere lothiramo shuga. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu amene wadzimana kwa miyezi, akukhulupirira kuti akuchita bwino, koma shuga wake osatsika chifukwa anangosintha mtundu wa sitachi osachepetsa kuchuluka kwake.

Ufa wa almond ndi wosiyana ndi zimenezi. Uli ndi sitachi, shuga ndi faiba pafupifupi magalamu 20 pa 100, theka lake ndi faiba yomwe thupi siligaya, pomwe ufa wa tirigu uli ndi oposa 70. Pa mbali imeneyi umachitadi zomwe umalonjeza. Vuto lake ndi lakuti theka la kulemera kwake ndi mafuta, choncho mphamvu zake ndi zochuluka kuposa za ufa wa tirigu, ndipo inu amene cholinga chanu china ndi kuchepetsa thupi mukhoza kudya makeke a almond mwezi wonse sikelo osasuntha. Komanso almond ndi mtedza basi, ndipo ife tili ndi wathu. Mtedza wa kuno uli ndi magalamu pafupifupi 16 pa 100, ndipo nsinjiro mukazimenya pamodzi ndi mazira awiri ndi kamchere, n'kuziika mu chiwaya chopaka mafuta pang'ono, mumapeza chitumbuwa chomwera tiyi chomwe chingakusungeni mpaka masana. Musankhe mtedza wouma bwino ndipo mutaye wachuku ndi wofota, chifukwa chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi.

Za ufa wa buledi wa Banting, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo, osati kutsogolo komwe kuli mawu okopa. Yang'anani mzere wolembedwa "carbohydrate", womwe umaonetsa sitachi ndi shuga, pa magalamu 100, kenako mndandanda wa zosakaniza, podziwa kuti choyamba kulembedwa ndicho chochuluka. Mukapeza kuti poyambirira pali nthangala monga za mpendadzuwa ndi fulakisi, ndi wabwino. Mukapeza tapioca, dziwani kuti ndi sitachi ya chinangwa chomwechi, ndipo mwaitanitsa kuchokera ku Joni chinthu chomwe chimalimidwa kuseri kwa nyumba yanu.

Chokoleti chija ndicho ndingakuuzeni kuti musaitanitsenso. Zambiri zotere zimatsekemeretsedwa ndi maltitol, yemwe amakwezabe shuga wa m'magazi ngakhale osati mofanana ndi shuga wamba, ndipo ukadya wochulukirapo amatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba. Timapiritsi ta mu tiyi sitikweza shuga, ndipo kwa munthu amene anazolowera masupuni atatu mu kapu iliyonse tingamuthandize pa masabata oyamba. Chimodzimodzinso zakumwa zoziziritsa kukhosi zopanda shuga: botolo la Coca-Cola wamba la mamililita 300 lili ndi shuga oposa magalamu 30, ndipo pa kutentha kwa Mangochi mu Okutobala ndi bwino kumwa lopanda shuga kusiyana ndi limenelo. Koma mu Meyi 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti zotsekemeretsa zopanda shugazi zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, popeza sizinaonetse phindu lokhalitsa pa nkhani imeneyi. Malangizowo sanakhudze amene ali kale ndi matenda a shuga. Ine ndimaona timapiritsiti ngati ndodo ya munthu amene akuchira mwendo, yofunika kwa kanthawi pamene lilime likuzolowera tiyi wosatsekemera.

Chovuta chenicheni, chomwe mwina n'chimene chakupangitsani kulemba, ndi chakuti kwa ife munthu amene sanadye nsima amati wagona ndi njala, ngakhale atadya zina zambiri. Palibe ufa wochokera kunja umene ungaphike nsima yoti mutemere ndi kusunsa mu msuzi wa chambo n'kukhutira nayo. Ena amayesa kolifulawa woswa tizidutswa m'malo mwa mpunga, ndipo ndi njira yabwino, popeza ali ndi magalamu 5 okha pa 100 pomwe mpunga wophika uli ndi pafupifupi 28, koma mbewuyi imakonda malo ozizira ndipo kuno siipezeka kawirikawiri. Kabichi ali ndi pafupifupi 6, ndipo mukamudula mopyapyala n'kumukazinga pang'ono amagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa.

Njira yomwe ndingakulimbikitseni ndi yosintha kagawidwe ka m'mbale. Tengani mtanda umodzi waung'ono wa mgaiwa, kamodzi patsiku, ndipo ndiwo zikhale ndizo chakudya chachikulu. Nsomba ilibe sitachi konse, kaya ndi chambo, kampango, utaka, mlamba kapena usipa wa pa mulu, ndipo inu mukukhala pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Onjezerani bonongwe, nkhwani, chisoso kapena therere zotendera nsinjiro, mazira, ndi peyala m'nyengo yake. Mukatero mudzakhala pansi pa magalamu 130 aja mukudyera pamodzi ndi banja lanu, osaphika miphika iwiri, ndipo kadyedwe kamene simukudzipatula nako ndi kamene mungakhale nako zaka.

Kwa achimwene anu, apempheni kuti m'malo mwa chokoleti ndi ufa akutumizireni kamakina kopimira shuga pamodzi ndi timapepala take. Mukapima musanadye ndiponso patatha maola awiri mutadya, mudzadzionera nokha zomwe buledi wa Banting, mgaiwa kapena mango akuchita m'thupi mwanu. Ndipo ngati tsiku lina achipatala adzakuyambitsani mankhwala monga glibenclamide kapena insulin, muwauze kuti munachepetsa sitachi, chifukwa mankhwala amenewa akakumana ndi chakudya chochepa sitachi amatha kugwetsa shuga mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka.