Funsani za Ziweto: Kagalu koti kazicheza ndi amayi

FUNSO: Zikomo achimwene. Bambo athu anatisiya chaka chatha ndipo amayi, omwe ali ndi zaka 74, atsala okha pakhomo. Masana amangokhala ndwii pakhonde. Galu wa mnzanga waswa, ndipo tiana take tili ndi masabata anayi. Ndikufuna nditengeko kamodzi sabata ino kuti kawazolowere amayi kadakali kakang'ono. Ndinamvanso kuti maiko ena kuli mabungwe opita ndi agalu kukacheza ndi okalamba ndi odwala. Agalu amenewo ndi a mtundu wanji? Nanga kangaka ndikalere bwanji kuti kadzafatse chotero? Ndine mwana wawo wamkazi wodera nkhawa.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, chemwali. Maganizo anu ndi abwino, koma sabata ino ayi. Kasiyeni kagaluko kwa make mpaka kakwanitse masabata 8. Nkhani si ya mkaka wokha. Pa msinkhu umenewu tiagalu timakhalira kugwetsana ndi kulumana makutu. Kena kakaluma mopyola, kanzake kamalira kuti kwee! n'kuchokapo, masewera n'kuthera pomwepo. Apo m'pamene galu amaphunzirira kuti mano ali ndi malire. Ine ndinapsapo nazo. Galu wanga woyamba ndinamutenga ali ndi masabata asanu chifukwa cha phuma, ndipo mpaka kukula ankalandira chakudya m'manja ngati akufuna kupita ndi chala chomwe. Khungu la munthu wa zaka 74 silichedwa kung'ambika.

Za mabungwe munamvazo n'zoona. Ku America kunayambika bungwe la Therapy Dogs International mu 1976, ndipo ku Britain kuli Pets As Therapy, la mu 1983. Anthu ongodzipereka amatenga agalu awo apakhomo n'kupita nawo m'zipatala, m'masukulu ndi m'nyumba zosungirako okalamba. Galuyo sachita zodabwitsa ayi. Amangofika, kukhala pansi, n'kulola kusisitidwa. Nzeruyi anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960 ndi Boris Levinson, katswiri wa maganizo a ana ku New York, ataona kuti mwana wina yemwe sankafuna kumulankhula anayamba kumasuka galu wa katswiriyo, Jingles, ali m'chipindamo.

Mtundu wa galu mabungwewo sauyang'ana kwenikweni. Amayesa khalidwe. Ukamugwira khutu, phazi kapena mchira, amatani? Chitsulo chikagwa pansi mwadzidzidzi, amadzidzimuka kenako n'kukhazikika, kapena amangonjenjemera mpaka kalekale? Akaona munthu woyendera ndodo kapena wa panjinga ya olumala, amauwa? Ndipo tiana salembetsa. Galu amayenera kukhwima kaye, miyezi 9 kapena chaka, malinga ndi bungwe lake.

Khalidwe limenelo limaumbidwa msanga, paja m'mera mpoyamba. John Paul Scott ndi John Fuller, omwe anatha zaka zambiri akufufuza za agalu ku Bar Harbor ku America, anapeza kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira sabata yachitatu kufika cha m'ma sabata ya 12, pomwe kagalu kamalandira zatsopano mosavuta. Nyengoyo ikadutsa, chilichonse chachilendo kamayamba kuchikayikira. Ndiye werengani nokha: mukakatenga pa masabata 8, mwatsala ndi mwezi umodzi basi. N'chifukwa chake mabungwe ophunzitsa agalu otsogolera anthu osaona sasunga tiana tawo m'makola. Amatipereka kwa mabanja odzipereka kuti tikule pakati pa anthu pafupifupi chaka chathunthu, maphunziro enieni asanayambe.

Mwezi umenewo kaonetseni dziko. Kaone bambo wa ndevu, munthu wa chipewa, wa ambulera, ana othamanga. Kamve galimoto, njinga yamoto, wailesi, mbale ikugwa. Kaponde pa simenti, pa udzu, pa mchenga. Tsiku lililonse kagwireni mapazi ndi makutu, kayang'aneni m'kamwa, kenako n'kukapatsa kachakudya kokoma. Koma osakakakamiza. Mukaona kapinda mchira, kakuyasamula kopanda tulo, kakunyambita milomo kapena kukubisalirani kumiyendo, dziwani kuti zakachulukira. Bwererani pang'ono, kaonere patali, mawa muyesenso. Musaiwale kukasiya kokha mphindi zingapo tsiku ndi tsiku, chifukwa amayi adzafuna kuchokapo pakhomo, ndipo galu wosazolowera kutsala yekha amalira mpaka anansi kudandaula.

Pali vuto limodzi: mwezi womwewo katemera amakhala asanathe. Woyamba amabaya pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kafike masabata 16, ndipo wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Kachilombo ka parvo, komwe kamapha tiagalu ndi kusanza komanso kutsekula m'mimba kwa magazi, kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Choncho poyenda pomwe pamadutsa agalu osadziwika, kanyamuleni m'manja. Maso ndi makutu zigwire ntchito, mapazi asaponde pansi. Kusewera kasewere ndi agalu omwe mukudziwa kuti anabayidwa. Za mankhwala a njoka za m'mimba mukafunse dokotala wa ziweto tsiku la katemera woyamba.

Tsopano ndikufunseni, chemwali, ndipo musakwiye: amayiwo mwawafunsa? Kagalu si mphatso yongosiya pakhomo n'kubwerera. Kamalira usiku, kamakodza pafupipafupi, kamazungulira m'miyendo, ndipo munthu wamkulu akagwa, fupa silichira msanga. Galu amakhalanso zaka 10 kapena kuposerapo, ndiye mugwirizane pabanja yemwe adzamusamale amayi akadzafooka. Akanakhala amayi anga, ndikanayamba ndaganizira galu wamkulu, wa zaka zitatu kapena zinayi, yemwe kufatsa kwake kukuoneka kale. Koma ngati mtima wawo uli pa kamwana, pitani nawo kwa mnzanuyo kawiri katatu masabata akudzawa, akhale pansi, tiagaluto tiwanunkhize. Asasankhe kobisala pakona chifukwa cha chisoni, ngakhalenso kolumphira aliyense. Kapakatikati, kobwera mwakachetechete n'kugona pamapazi, ndiko kawo.

FUNSO: Akulu, kagalu kanga ka miyezi inayi katha nsapato ziwiri ndipo kamakodza pabalaza. Mchimwene wanga akuti ndizikamenya n'kukapaka mphuno pamkodzopo, komanso ndikamange pa unyolo kuti kadzakhale kolusa. Nditero? Ndine mnyamata wotopa.

YANKHO: Ayi, achimwene, musatero. Kagalu kanu kakugulula mano. Mano 28 oyamba akuchoka, 42 achikulire akumera, ndipo mpaka miyezi 6 kapena 7 nkhama zizikanyerenyetsa. Kapatseni chake chotafuna, monga chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena chidole cholimba cha labala. Mukakapeza ndi nsapato, sinthanitsani. Mafupa ophika ayi, amasweka n'kubaya m'matumbo.

Za mkodzo, katulutseni kakangodzuka, kakangodya ndiponso kakangomaliza kusewera, pamalo amodzimodzi, ndipo kakakodza kayamikireni nthawi yomweyo. Mukakamenya patapita ola, sikadziwa mlandu wake. Chomwe kamaphunzira n'choti dzanja lanu ndi loopsa, kenako kamayamba kukodza kuseri kwa mpando komwe simukaona. Pomwe kakodzapo tsukani bwinobwino, chifukwa fungo likatsala kamabwererapo.

Galu wokulira pa unyolo sakhala wolimba mtima, amakhala wamantha, ndipo wamantha sasankha woluma. Nthawi zambiri dzino limagwera mwana wa pakhomo pomwepo, osati wakuba. Kuuwa mlendo usiku adzauwa ndithu popanda kumuphunzitsa nkhanza. Nsapato zatsalazo, kwa miyezi itatu ikubwerayi, zizigona pamwamba pa kabati.