Za kachipangizo konjenjemera kaja, achimwene

Achimwene, voisi yanu ndaimva, ndinali ku ntchito, ndiye ndati ndiyankhe ndisanagone. Mwafunsa za kachipangizo kovala pamkono kamene munaona pa vidiyo, kamanjenjemera kaja, ngati tingawagulire amayi chifukwa cha sitiroko ija. Eya, zinthu zimenezo zilipodi. Koma mumvetse apa: sikanyamula mkono ayi, kamangomuuza munthu kuti wasokera.

Mkati mwake muli timasensa ngati timene timatembenuza sikirini ya foni mukaipendeketsa, ndiye timadziwa pamene mkono uli. Mulinso timamota ting'onoting'ono, tomwe timanjenjemeretsa foni mukaichotsa mawu. Munthu akamatambasula dzanja kuti atenge kapu, mkono ukapatuka, kamota kamati zzz, iye n'kukonza. Tina amatimanga pachifuwa, kuti akamaweramira kutsogolo ndi thupi lonse m'malo mowongola chigongono, timukumbutse. Amayi amachitatu zimenezo, ndinaona pa vidiyo imene alamu anatumiza, akufuna kutenga mchere patebulo paja.

Nkhani yake ndi yakuti sitiroko nthawi zina imawononga kamvedwe kamene kamatiuza pamene dzanja lili ngakhale titatsinzina. Kunjenjemerako kumalowa m'malo mwake. Koma ngati khungu la mkono womwewo lachita dzanzi, kunjenjemerako sangakumvenso. N'chifukwa chake ofufuza ena amamanga timamotato pamkono wabwinowo. Komanso zambiri mwa zimenezi akuziyesabe m'mayunivesite, ndipo zina zogulitsa pa intaneti ndi zongosisita minofu basi.

Ndiye ndalama musatulutse kaye. Lachinayi mukapita nawo kwa a fizyo, muwapemphe awayeze: amayi atsinzine, a fizyo awapinde chigongono, iwo anene ngati mkono wakwera kapena watsika. Miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndi imene mkono umabwerera msanga, isatithere tikudikira katundu wochokera kunja. Kunyumba alamu azikhala nawo pambali, amayi akayamba kuweramira kutsogolo aziwagunda phewa pang'ono, ntchito ya kamota kaja ndi yomweyo. Amayiwo azitola chimanga n'kumaponya m'mbale, azinyamula kapu, kambirimbiri tsiku lililonse, ngakhale adandaule kuti tikuwasandutsa mwana.

Chinanso, chonde, powadzutsa pampando asamawakoke dzanja lodwalalo, phewa limenelo silichedwa kuguluka. A fizyo akawayeza mundiuze zimene anena.