Kumawamawitsa, kafikapoomola ndi mawu ena osapezeka m'buku

Ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wophunzitsa kalasi yachisanu pasukulu ina kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique. Nkhani yawo ndi iyi: ana a m'kalasi mwawo amakonda kupeka mawu ndi kupotoza matanthauzo a mawu odziwika kale, ndipo iwo akufuna kuwasonkhanitsa mawuwo kuti anawo akawachite ngati sewero pa tsiku lotsekera sukulu. Koma mphunzitsi mnzawo wachikulire akuti kumeneko n'kuononga Chinyanja. Akufunsa ngati n'kuonongadi, ndipo ngati si choncho, angasiyanitse bwanji liwu lopeka labwino ndi phokoso chabe.

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Sewerolo chitani. Koma poyamba kawafunseni mwaulemu akuluakuluwo kuti akamachoka ku Ulongwe kutsikira ku Tete amakwera chiyani. Ayankha kuti chapa. Liwu limenelo silinatuluke mumsonkhano wa akatswiri a zinenero. Linachokera pa "chapa cem" (cem pa Chipwitikizi ndi 100), chifukwa pamene magalimoto a anthu wamba anayamba kunyamula anthu ku Maputo cha m'ma 1980, mtengo wake unali mametikali 100. Ndalama ija inataya maziro atatu mu 2006, moti 100 yakale ija lero ndi masentavu 10, osagula ngakhale chiponde cha pansonga ya supuni, koma dzinalo lilipobe. Ndipo anthu ambiri amatchulabe metikali imodzi kuti kontu, dzina la mametikali 1,000 akale aja, ngati kuti maziro aja anangopita kumunda abweranso madzulo.

Kenaka muwafunse kuti jekete yawo yotchinga chisanu cha mwezi wa Juni anaigula kuti. Akanena kuti pa kalamidade, muwakumbutse kuti pa Chipwitikizi liwulo limatanthauza tsoka lalikulu. Zovala zakale zinkabwera ngati thandizo la anthu ogwa m'masoka a chilala ndi nkhondo m'zaka za m'ma 1980, anthu n'kuzitcha dzina la tsokalo, ndiye lero munthu amanyadira kuti wavala tsoka latsopano. Abale athu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Calomue, amati kaunjika poona mulu wake, a ku Zambia amati salaula poona manja a wogula. Ku Maputo malole osatseka kumbuyo amawatcha "my love" chifukwa wokwera amayenera kukumbatira munthu wosamudziwa kuti asagwe. Onsewa anayamba ngati nthabwala za munthu wina amene dzina lake palibe akulikumbukira.

Ndiye funso loyamba lija layankhika. Chinenero chimene chinameza janela wa Chipwitikizi n'kumusandutsa zenera, sapato kukhala nsapato, carta kukhala kalata, capitão kukhala kapitawo, sichingafe chifukwa cha ana a zaka 11. Chovuta ndi funso lachiwirilo, ndipo m'pamene ndikufuna ndikhalitsepo.

Ine ndimaona kuti liwu lopeka limaseketsa likamamvera malamulo a chinenero mosaphonya ngakhale pang'ono. Nthabwalayo ili poti liwulo likumveka ngati la makolo, pamene lapangidwa dzulo. Taonani mmene akale ankaumbira mayina: amatenga mneni, n'kumumatira dzina, kutsogolo n'kuikako chi-, ka- kapena m-. Ndimo tinapezera msungichuma, chidyamakanda, Kasiyamaliro wa ku dambwe, ndi mpondamatiki, munthu wolemera mpaka kuponda tiki, kandalama kakang'ono ka nthawi ya Angerezi kumaiko oyandikana nafewa. Tiki atatha ntchito anthu anangosintha n'kuti mpondamakwacha. Mwana wanu akati mpondametikali, sanaononge kanthu, wangosamutsa liwulo kulibweretsa kuno.

Ndi chikombole chomwecho ndapeka angapo kuti muone. Kafikapoomola ndi mlendo uja amene safika pothyola ndiwo, safika potsira ufa, amangogogoda chipande chikangolowa mumphika, n'kumati "ayi ine ndadya kale" manja ali m'beseni. Chigwirachaja ndi mnansi wobwereka chaja Lolemba n'kudzaibweza inu mutagula foni ina. Abipeni ndi m'bale wanu amene chigulireni foni sanaikemo ndalama, ntchito yake n'kuliza kamodzi n'kudula kuti muimbe ndinu, ndipo mukaimba amayamba ndi kufunsa za mvula. Onani kuti dzinali likukhala bwinobwino pamzere umodzi ndi Aganizani, Alekeni ndi Asiyeni, n'chifukwa chake likumveka ngati munthu weniweni wokhala ndi munda ndi mbuzi.

Koma limene ndimalikonda ndi kumawamawitsa. Mwapita ku ofesi kukatenga chikalata, akuti bwerani mawa. Mawa lake, shefi watuluka, bwerani mawa. Mawa linalo, sisitema yagwa. Mukabwerera kunyumba osafunika kufotokoza zambiri, ingonenani kuti andimawamawitsa. Yesani kuliyendetsa muone: ndamawamawitsidwa, timamawamawitsana, osandimawamawitsa ine, ummawamawitsi wafika poipa. Kupatula lomalizali lomwe likupunthwa pakamwa, onse akuyenda okha. Muyeso wake ndi umenewo. Liwu likalola kulandira -idwa, -ana ndi -itsa popanda kuthyoka, ndiye kuti laumbidwa bwino. Likakana, mwana wangopanga phokoso, ndipo anzake adzaliiwala belu lisanalire.

Kuno tili ndi mwayi wina umene anzathu a ku Lilongwe alibe: Chipwitikizi. Timatenga mneni wake n'kumuveka ku- kutsogolo, ndiye timapasiyali, timaligali, timavotali. Mwana wochenjera akhoza kutembenuza njirayi n'kutenga liwu lathu kuliveka mchira wachilendo, monga kunena kuti amalume apita kukadyali kapena akugonali. Zimaseketsa chifukwa tonse tikumudziwa munthu amene anakhala miyezi iwiri ku Beira n'kubwerako lilime litapindika.

Tsopano za kupotoza matanthauzo. Iyi ndi ntchito yovutirapo, chifukwa apa liwu ndi lakale, chatsopano ndi choonadi chimene mwabisamo. Tanthauzo lopotoka liyenera kukhala loona kuposa la m'buku. Likapanda kutero ndi bodza chabe.

Mawa: tsiku limene wangongole aliyense amabweza, lotanganidwa kuposa masiku onse a pachaka. Ndili pafupi: mawu a munthu amene akufunafuna sopo kuti akasambe. Msonkhano: malo amene anthu amakhala maola anayi kugwirizana tsiku la msonkhano wina. Lefulesiko: chakumwa chokhacho chimene sichimwedwa, chimapindidwa n'kulowa m'thumba. Netiweki: mzimu wokhala pamwamba pa chulu, umene umafuna munthu aimirire ndi mwendo umodzi atakweza dzanja, ndipo m'midzi ya m'malire umatha kukulonjerani kuti takulandirani ku Malawi inu muli m'khola la nkhumba zanu.

Chapa yemwe uja ali ndi matanthauzo awiri okoma. Loyamba: galimoto imene sidzadza, nthawi zonse mumatsala malo a munthu mmodzi. Lachiwiri limagwira mukatsika mapiri n'kudutsa Moatize m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40: makina ochapa anthu ndi thukuta lawo lomwe. Apa Chipwitikizi ndi Chinyanja zangogundana mwangozi pa liwu limodzi, ife n'kutolapo phindu. Chimodzimodzi ndi matola. Mlendo wa ku Dedza akati wabwera pa matola, akunena lole imene inamutola pamsewu, koma msilikali wa kum'mwera angadabwe kuti munthu wachoka ku Matola, kufupi ndi Maputo, bwanji ali ndi thumba limodzi la kabichi.

Ndipo pali mtengo. Chinenero chathu chinatipatsa liwu limodzi la chomera ndi la ndalama zogulira chinthu, ndiye ana anu asavutike kufuna kutali. Mtengo: chinthu chimene m'tchire chikutha koma pamsika chikukula, chosafuna mvula kapena feteleza, chosagwetsedwa ndi nkhwangwa. Aliyense amene waona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè, n'kukafunsa ufa pamsika, amva mbali ziwiri zonse nthawi imodzi.

Lina limene lili ndi minga pang'ono ndi magetsi: mwana wobadwira ku Songo koma wokulira ku Joni, amene kwawo amangobwera kudzacheza. Si miseche ayi. Damu la magetsi la Cahora Bassa linamangidwa pa Zambezi pafupi ndi Songo m'zaka zomaliza za Apwitikizi, nthambo zake zazikulu zinalunjikitsidwa ku South Africa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo Mozambique inatenga gawo lalikulu la umwini wake mu 2007. Mwana akamaseka tanthauzo limenelo waphunzira mbiri ndi jogalafe mosazindikira. Koma inu mukudziwa amene adzakhale pampando wa kutsogolo tsiku lotsekeralo, ndiye muyese nokha ngati liyenera kulowa.

Mwaona kuti pafupifupi onsewa akuchokera pa chinthu chimene chimatipweteka tonse: kudikira, ngongole, kutentha, ziphuphu. Nthabwala ya mawu imakhalitsa ikakhala ndi dandaulo la anthu ambiri m'kati mwake. Si zachilendo kwa ife Achewa. Gule wamkulu, amene UNESCO inamuvomereza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, wakhala akuchita zomwezo kalekale. Simoni ndi nkhope yake yofiira ankaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya anatengedwa kutchalitchi n'kubwera naye pabwalo. Zimene sakanatha kunena pamaso pa mwini mphamvu ankazipatsa dzina ndi chigoba. Zilapi nazonso ndi kupotoza tanthauzo kumene: wina akati "Chilape!" ena n'kuti "Nachize!", chotsatira ndi chinthu chodziwika chofotokozedwa mokhota. Akuluakulu aja anakulira masewera amenewa pamoto usiku. Chasintha n'choti m'malo mwa dzira ndi chimanga, ana akulapa za foni.

Komabe mnzanuyo sakulakwa pa zonse, ndipo muwapatse mbali yawo. Chinyanja chinavutikira kuti chilowe m'kalasi kuno. Kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'chinenero chawo pamodzi ndi Chipwitikizi kunachitika pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Munthu amene anakula akulangidwa chifukwa cholankhula chinenero cha amayi ake pabwalo la sukulu, n'kudzaona chikulembedwa pabolodi, sangafune kuti chisanduke choseweretsa. Komanso ana athu ali kale pakati pa zolembera ziwiri: mabuku a kuno amalemba Cinyanja ndi c yekha, a ku Malawi, kumene chinatchedwa Chichewa kuyambira 1968, amalemba ch, ndipo mabanja ambiri amene anathawira kumeneko n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 anabwera ndi kalembedwe ka uko. Ndiye ana adziwe kuti kafikapoomola ndi wa pasewero ndi pabwalo, pamayeso alembe mlendo. Ine ndikanakhala inu ndikanawapempha akuluakulu omwewo kuti akhale woweruza wa mawuwo, aziona ngati mphatikiram'mbuyo ali pamalo pake ndi ngati mgwirizano wa magulu a mayina sunasokonekere. Munthu wodziwa galamala mwakuya ndiye amadziwanso kuipinda, ndipo mwina mudzadabwa kuti liwu loseketsa kwambiri lidzachokera kwa iwo.

Chimene muyenera kutchinga ndi mphamvu zanu zonse ndi china. Ana akapeza kuti liwu limamata, amayamba kulimata pa munthu. Dzina lachipongwe la mwana wachibwibwi, wachialubino, wong'ambika kabudula, kapena wobwera kumene kuchokera ku Mutarara amene akulankhula Chisena, limamutsata mpaka ukulu. Lamulo likhale loti timaseka khalidwe, osati thupi, mtundu kapena umphawi, ndipo pasakhale liwu limene kalasi yonse itembenuke kuyang'ana mwana mmodzi likatchulidwa. Muwaphunzitsenso zimene kumudzi amadziwa kale, kuti nthabwala ili ndi eni ake. Msuweni ndi mlamu mungawatche kafikapoomola iwo n'kubwezera lina loposa pamenepo. Apongozi akafika nthawi ya nsima, mumangotenga madzi osamba m'manja.

Pokonza sewerolo, musawerengetse ana mndandanda wautali, anthu adzatopa pa liwu lachisanu. Mwana mmodzi avale jekete yaikulu ndi magalasi opanda diso, akhale pulofesa wobwera ndi mtanthauziramawu wake wolemera. Ena akhale ophunzira, azifunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani apulofesa, kodi ngongole n'chiyani?" Iye atsegule buku pang'onopang'ono, akhosomole, ayankhe osamwetulira ngakhale pang'ono kuti ndi mphatso imene woperekayo sanauzidwe kuti ndi mphatso. Akangoseka yekha nthabwala yafa, ndiye sankhani mwana wa nkhope youma. Mawu 12 kapena 15 akwana, ofewa poyamba, a chapa ndi mtengo pakati, ndipo la msonkhano mulisunge kumapeto, litabwera pambuyo pa zolankhula zonse za alendo olemekezeka.

Mukatha munditumizire mawu a anawo, osalemba mayina awo, ndidzawaike pano kuti a ku Tsangano, Furancungo ndi Chifunde aonjezerepo awo. Ndikufuna makamaka liwu la munthu uja amene pamaliro amalira mokweza kuposa anamfedwa koma maso ali kumene akuphika nyama, chifukwa ine ndayesa chiliramphika ndipo silikundikhutiritsa.