Mu sewero amangondipatsa gawo la mlonda kapena wakuba, ndisiye?

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wa Fomu 4, dzina lake ndasunga. Akuti: "Ankolo, ndakhala mu kalabu ya drama kusukulu kwathu chiyambire Fomu 1 koma mpaka pano sanandipatseko gawo lalikulu. Nthawi zonse ine ndimakhala mlonda, wakuba, kapena wapolisi wongolowa n'kumanga munthu n'kutuluka. Aphunzitsi otiyang'anira amati nkhope yanga ndi yaukali. Mayi anga akuti ndisiye ndikungotaya nthawi, ndilimbikire MSCE. Koma ine zisudzo ndimazikonda ndipo ndimafuna idzakhale ntchito yanga. Kodi munthu yemwe si mwini filimu angadye nazo zimenezi?"

Mphwanga, ndawerenga uthenga wako kawiri ndipo wandikhudza, chifukwa zaka zinayi ukubwera ku mapulakatisi osapatsidwa gawo lomwe umafuna koma osasiya, si ana ambiri angapirire choncho. Ndiye ndikuyankha kudzera pa moyo wa bambo wina waku America yemwe nkhope yake ndikukhulupirira unaiwonapo mu vidiyo sho olo dzina sukulidziwa. Wandevu za pamlomo, tsitsi lalitali, nkhope yokakala ngati khungwa la mtengo, pachifuwa pali chithunzi chachikulu chojambulidwa pakhungu cha mzimayi wovala chipewa cha ku Mexico. Dzina lake ndi Danny Trejo.

Bamboyu anabadwa pa 16 May 1944 ndipo anakulira ku Los Angeles, mbali ya Pacoima, m'banja la anthu ochokera ku Mexico. Ubwana wake sunali wabwino ayi. Malume ake ndi omwe anamuyambitsa chamba ali ndi zaka 8, pofika zaka 12 anali atalawa kale heroin, kenako kuba ndi mfuti, ndiye zaka za m'ma 1960 anazithera kulowa ndi kutuluka m'ndende zoopsa za ku California monga San Quentin, Folsom ndi Soledad. Ku San Quentin anaphunzira nkhonya mpaka kukhala katswiri wa ndende yonse. Mu 1968 kunabuka chipolowe ku Soledad, iye anamutsekera m'chipinda cha yekha pa mlandu woti ukanamutengera ku chilango cha imfa, ndipo iye amanena kuti m'chipinda mmenemo ndi momwe anapemphera n'kulonjeza kusiya mowa ndi mankhwala. Mlandu uja unatha chifukwa panalibe mboni, ndipo mu 1969 anatuluka. Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali achinyamata ena amamva nkhani ngati iyi n'kumaganiza kuti ndende ndi imene inamupanga kukhala munthu. Ayi ndithu. Ndende inamudyera unyamata wake, ndipo chomwe chinamupulumutsa ndi choti anasiya, n'kukhala osabwererako mpaka lero.

Nanga atatuluka anathamangira ku Hollywood? Ayi. Kwa zaka zambiri bamboyu ankagwira ntchito ya uphungu yothandiza anthu kusiya mankhwala ozunguza bongo, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe inamufikitsa pa kamera. Mnyamata wina yemwe ankamuthandiza anamuimbira foni kuti abwere kuntchito kwake chifukwa pamalopo panali cocaine wambiri ndipo ankaopa kuti ayambiranso. Trejo anadzuka n'kupita, kukafika anapeza kuti ndi malo ojambulira filimu ya Runaway Train yomwe inatuluka mu 1985, filimu ya akaidi othawa kundende. Atamuona maonekedwe anamufunsa ngati angaime nawo pagulu la akaidi ongooneka chapatali. Atavula malaya, wolemba nawo filimuyo, Edward Bunker, yemwe nayenso anakhalapo ku San Quentin, anazindikira chithunzi cha pachifuwa chija n'kukumbukira kuti uyu ndi uja ankawina nkhonya kundende. Pompo anamupatsa ntchito yophunzitsa nkhonya Eric Roberts, mmodzi wa eni filimuyo, pa madola 320 patsiku, kenako dayirekita Andrei Konchalovsky ataona momwe akuchitira anamupatsa gawo loti amenyane ndi Roberts mu filimu momwemo. Apa n'kuti zaka 40 zitakwana kale.

Taona bwino zomwe zinamulowetsa pakhomo paja. Anali ndi luso lina m'manja, nkhonya, lomwe anthu a filimu analifuna tsiku limenelo ndipo analibe. Komanso anali munthu woti ukamuitana amabwera. Nkhope yaukali ija inathandiza inde, koma ankhope zaukali ku Los Angeles ndi ambirimbiri.

Tsono pomwe nkhani yake ikufanana ndi yako ndi apa. Zaka zotsatira Trejo ankangopatsidwa magawo omwewomwewo, mkaidi, chigawenga, wogulitsa mankhwala, ndipo nthawi zambiri gawo lake linalibe n'dzina lomwe, pamndandanda wa mayina kumapeto kwa filimu ankangolemba kuti mkaidi woyamba. Filimu yofotokoza za moyo wake yomwe inapangidwa pambuyo pake anaitchula Inmate #1 pa chifukwa chomwechi. Iye sanakane magawo amenewa, ankawatenga n'kuwasewera ndi mtima wonse, ndipo madayirekita anayamba kuuzana. Mu 1995 anaoneka mu Heat limodzi ndi Robert De Niro ndi Al Pacino. Chaka chomwecho anaonekanso mu Desperado ya Robert Rodriguez, ndipo filimu imeneyi ndikufuna ukaione ngati wophunzira, osati kungosangalala ndi mfuti. Mmenemo iye ndi wakupha anthu pogwiritsa ntchito timipeni toponya, ndipo kuyambira pomwe waonekera mpaka pomwe wafera salankhula liwu ngakhale limodzi. Amangoyenda pang'onopang'ono mumsewu, kuyang'ana, kutsegula chovala chake kuti timipeni tili m'chiuno tioneke, basi. Koma funsa aliyense anaonera filimuyo, munthu wa timipeni uja amamukumbukira. Iwe ukudandaula kuti wapolisi wako amangolowa n'kumanga munthu n'kutuluka, uyu analibe olo liwu limodzi.

Kuchoka apo kunabwera From Dusk Till Dawn mu 1996, Con Air mu 1997, Spy Kids mu 2001, kenako Breaking Bad pa TV, ndipo gawo la mwini filimu mu filimu yaikulu analipeza mu 2010 mu Machete ali ndi zaka 66. Werengera wekha, zaka 25 chiyambireni. Koma usaganize kuti zaka 25 zonsezo anali pa mzere kudikirira, ayi, imeneyo ndiye inali ntchito yakeyo, ankalipidwa, ankadyetsa banja, ndipo mafilimu ndi mapulogalamu omwe waonekamo ndi mazanamazana, kuposa eni mafilimu ambiri omwe anawala zaka zisanu n'kuzimirira. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa, filimu imodzi imafuna mwini filimu mmodzi kaya awiri, koma imafuna alonda, apolisi, madalaivala, azakhali, asing'anga, ogulitsa pa golosale ambirimbiri, ndipo mwini filimu akakalamba amayamba kumusiya pomwe wa magawo enawa akamakalamba nkhope yake imangowonjezera kukoma pa kamera. China chomwe ine chimandisangalatsa mwa bamboyu, wanenapo kambiri kuti akamasewera ngati chigawenga amafuna chigawengacho chife kapena chigonje pamapeto, kuti ana oonera asatengere kuti umbanda umapindula.

Koma mayi ako sakulakwitsa, ndipo pano ndikufuna undimvetsere bwinobwino. Ku America komweko komwe kuli ndalama za mafilimu, mu 2023 ochita zisudzo ananyanyala ntchito kwa masiku 118 kuyambira mwezi wa July mpaka November kudzera m'bungwe lawo la SAG-AFTRA lomwe lili ndi mamembala pafupifupi 160,000. Nthawi imeneyo zinamveka kuti mamembala oposa 80 mwa 100 aliwonse sapeza olo madola 26,470 pachaka kuchokera ku zisudzo, yomwe inali ndalama yoti munthu afikire kuti alowe pa inshuwalansi ya chipatala ya bungwelo. Ndiye ambiri mwa anthu omwe umawaona m'mafilimu aja ali ndi ntchito ina, ena amaperekera zakudya m'malesitilanti, ena amayendetsa galimoto, ena ndi aphunzitsi. Steve Buscemi, yemwe anali limodzi ndi Trejo mu Desperado ndi mu Con Air, uja wowonda wa maso otuluka, anali wozimitsa moto mu mzinda wa New York kuyambira 1980 mpaka 1984 kwinaku usiku akuchita zisudzo, ndipo nyumba zazitali za World Trade Center mumzindawo zitagwetsedwa ndi zigawenga pa 11 September 2001, tsiku lotsatira anabwerera kwa anzake akale kukathandiza kufukula anthu. Trejo mwiniwake atatchuka kale anatsegula malo odyera a Trejo's Tacos mu 2016, ndipo ntchito ya uphungu wa mankhwala ija sanaitaye. Ngati ku Hollywood anthu amagwira ndi manja awiri chonchi, kuli bwanji kuno kwathu komwe filimu imatha kujambulidwa anthu n'kupatsidwa ya thiransipoti yokha?

Ndiye MSCE usaiseweretse mphwanga, ndikukupempha. Miyezi yatsalayi mapulakatisi achepe, mabuku achuluke. Ngati ukufunadi zisudzo zikhale ntchito, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa drama mpaka digiri, koma khomo lake ndi lomwelo la aliyense, makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndiye ukalephera mayeso wadzitsekera wekha khomo la zomwe ukuzikondazo. Ndipo olo usakafike ku yunivesite, phunzira luso lina loyandikana ndi zisudzo lomwe anthu amalipira: kujambula ndi kamera, kudula ndi kulumikiza vidiyo pa kompyuta, kukonza mawu, ukalipentala womanga siteji, kusoka zovala, kuyendetsa galimoto. Zimenezi ndiye nkhonya zako, zomwe zidzakulowetse pamalo ojambulira tsiku lomwe sakufuna wosewera watsopano, komanso zidzakudyetsa miyezi yomwe kulibe sewero. Usaiwalenso wayilesi. Masewero a pa wayilesi ndi zotsatsa malonda safuna nkhope, amafuna mawu, ndipo mabungwe ambiri kuno amagwiritsa ntchito zisudzo pophunzitsa anthu za umoyo ndi ulimi m'midzi.

Mayi, ngati mwana wanu wakuonetsani yankho ili, ndikudziwa mantha anu, mwalipira fizi movutikira ndipo simukufuna adzakhale wongoyendayenda. Koma ndikupempheni musamuletseretu. Mwana yemwe waloweza mizere, kufika pa nthawi, kuima pamaso pa anthu osanjenjemera kwa zaka zinayi, waphunzira zinthu zomwe zidzamuthandize pa intaviyu ya ntchito iliyonse. Gwirizanani naye kuti mpaka mayeso atatha drama ikhale kamodzi pa sabata, ndipo tsiku lomwe akusewera mupite mukamuone olo gawo lake ndi la mphindi zitatu. Ana ambiri omwe amandilembera chomwe chimawapweteka kwambiri n'choti kunyumba palibe anabwerapo kudzawaonera.

Tibwerere kwa iwe. Za mawu a aphunzitsi aja oti nkhope yako ndi yaukali, sindikudziwa anayankhula ndi mtima wotani, koma usawatenge ngati chitonzo. Nkhope yoti munthu akaiona kamodzi saiwala ndi katundu pa ntchito imeneyi. Chomwe ndikufuna uchite ndi ichi. Ulendo wina akakupatsa gawo la mlonda, usakangovala chijasi n'kunyamula chibonga ngati momwe aliyense amachitira. Pita madzulo pa sitolo ina iliyonse yomwe ili ndi mlonda, upereke moni mwaulemu, ukhale naye kanthawi. Uone momwe amakhalira pa kampando kake, momwe amasungira tochi, kawayilesi kake amakaika pati, amadzuka bwanji galimoto ya bwana ikafika pageti ndipo nkhope yake imasintha bwanji bwanayo akangodutsa, amawotha bwanji moto mwezi wa June. Umufunse kuti usiku amaganiza chiyani, ana ake ali kuti, amalandira liti. Ukatero mlonda wako pa siteji adzakhala ndi dzina m'mutu mwako olo sewero silinamupatse dzina, adzakhala ndi mwendo umodzi wopweteka kaya chifuwa chosatha, ndipo anthu adzayamba kumuyang'ana iyeyo mwini sewero ali pompo. Chimodzimodzi wakuba, chimodzimodzi wapolisi, aliyense akhale wosiyana ndi wa sewero lapitalo.

Chinanso, uzijambulitsa. Pempha mnzako wa foni yabwino ajambule magawo ako onse, uzisunga, chifukwa tsiku lina wina akadzafunsa kuti unachitapo chiyani sudzafotokoza pakamwa, udzangomutumizira pa WhatsApp. Ndipo ukamaliza mayeso fufuza gulu la zisudzo la m'dera lanu, kaya la kutchalitchi kaya la achinyamata, ulowe olo akakupatse ntchito yonyamula mabenchi poyamba. Mayeso akatuluka undilemberenso undiuze mapointi ako, tidzaone limodzi makosi omwe ungalembere.