Galimoto zakale za ku Havana si zidole

Mayi wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo. Akupita ku Havana, likulu la Cuba, ndipo akufunsa komwe angakajambule galimoto zakale zija ndi nyumba zoyoyoka penti, poti akuti n'zokongola zedi. Mayi, funso lanuli landilasa mtima, choncho mundilole ndiyambe ndafotokoza zina.

Ine ku Havana ndinkagona kwa agogo ena ku Centro Habana, dera la pakati pa mzindawu. Kuyambira 1997 boma limalola anthu kulandira alendo olipira m'nyumba zawo. Agogowa ankapita kusitolo ya boma ndi kabuku kachakudya, kamene kanayamba mu 1962, n'kubwerako ndi mpunga, shuga ndi nyemba zosafika nazo kumapeto kwa mwezi. Magetsi akazima ankangoti kakasi pafupi ndi firiji, kudera nkhawa kankhuku kali m'katimo. Mumsewu wawo munali khonde lam'mwamba lochirikizidwa ndi mitengo, pansi pake ana akusewera. Khonde limenelo ndi lomwe alendo ankaima n'kumalijambula, ndipo ndikunenetsa kuti umenewo si ulemu. M'nyumbamo mumagona anthu amene amachita mantha mvula ikamagwa.

Galimotozo nazonso zili ndi chifukwa chake. Ma Chevrolet ndi ma Ford a m'ma 1950 akuyendabe chifukwa mu 1962 America inatsekeratu malonda ndi Cuba, komanso boma la Cuba lomwe kwa zaka zambiri silinkalola munthu wamba kugula galimoto yatsopano. Zambiri zinaikidwa mainjini adizilo ochotsedwa m'galimoto zina. Zonyezimira zopanda denga n'za alendo. Zotuwa zimanyamula anthu opita kuntchito, mopanikizana ngati minibasi ya ku Ndirande.

Sindikuti mzindawu ndi misozi yokhayokha. Habana Vieja, mbali yakale ya mzindawu imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 1982, inakonzedwa bwino motsogozedwa ndi malemu Eusebio Leal, katswiri wa mbiri ya mzindawu, ndipo mukaima pa bwalo la Plaza Vieja mudzagwira pakamwa. Koma mukangoyenda misewu ingapo mudzapeza anthu akukweza madzi m'ndowa ndi chingwe.

Ndipo poti mukuchokera ku South Africa, dziwani kuti bambo woyandikana ndi agogo aja anamenyako nkhondo ku Angola. Asilikali a Cuba analipo pa nkhondo ya ku Cuito Cuanavale, ku Angola komweko, mu 1988, kulimbana ndi asilikali a boma latsankho la South Africa, ndipo mu 1991 Mandela anapita yekha ku Cuba kukathokoza. Bamboyo atamva kuti ndine wa ku Africa anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Anthu otere timawafikira ngati abale.

Tsono yankho

Galimoto mudzazipeza pa paki ya Parque Central ndi pafupi ndi chinyumba chachikulu chotchedwa Capitolio, koma mugwirizane mtengo musanakwere. Madzulo mukayende pa Malecón, msewu wam'mbali mwa nyanja wotalika pafupifupi makilomita 8. Mukagone kwa anthu, mutenge ma euro m'manja, ndipo m'chikwama muikemo sopo ndi mankhwala a mutu, chifukwa kumeneko n'zosowa. Munthu kapena pakhomo pake musajambule musanapemphe.