Kodi mayiko ali ndi nkhokwe imodzi ya mankhwala?

Funso: Akonzi, kuchipatala kwathu amangotilembera kapepala kuti mankhwala tikagule tokha. Bwanji mayiko osasonkherana nkhokwe imodzi yoti amene wasowa azikatapako? — Mayi wa ku Machinga

Yankho: Mayi, nkhokwe yotere ilipo, koma kwenikweni ndi ya katemera wa miliri. Imayendetsedwa ndi gulu la mabungwe a padziko lonse lotchedwa ICG (International Coordinating Group), momwe muli WHO, UNICEF, bungwe la madokotala la MSF ndi Red Cross. Linayamba mu 1997 ndi katemera wa matenda oumitsa khosi. Wa kolera anawonjezedwa mu 2013, wa Ebola mu 2021, ndipo ndalama zambiri zimachokera ku Gavi, bungwe lothandiza mayiko osauka kupeza katemera.

Kutapako kuli ndi njira yake. Unduna wa Zaumoyo umatumiza pempho lokhala ndi umboni wa ku labotale, chiwerengero cha odwala m'dera lililonse, ndondomeko ya kampeni, komanso mafiriji okwanira, chifukwa katemera wa kolera amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Pempho likakwana, yankho liyenera kutuluka m'masiku awiri ogwira ntchito, katemerayo n'kufika pasanathe sabata. Losoweka zina limabwezedwa, uku matenda akufalikira.

Kwanu komweko ndi komwe kolera anabukira mu Marichi 2022, mliri umene unapha anthu oposa 1,700. Mu Novembala chaka chomwecho dziko lino linalandira madozi 2.9 miliyoni a katemera wa kolera. Komatu nthawiyo n'kuti nkhokwe ikuphwa kale: mu Okutobala, ICG inali italamula kuti munthu azilandira dozi imodzi m'malo mwa awiri, ngakhale chitetezo chake sichikhalitsa, makamaka kwa ana osakwana zaka 5. Fakitale ya ku India itasiya kupanga katemera wa kolera wotchedwa Shanchol, ntchito inatsalira kampani ya EuBiologics ya ku South Korea, ndipo kumayambiriro kwa 2024 nkhokwe inatheratu. Ichi chimatidetsa nkhawa kwambiri, poti wodzaza akakhala mmodzi, otapa onse amavutikira limodzi.

Nanga amoxicillin, insulin kapena mankhwala a BP? Amenewa mulibe. Dziko lililonse limadzigulira, kuno kudzera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logulira zipatala za boma mankhwala. Ndalama zakunja zikasowa kapena malipiro akachedwa, oda imachedwanso, chikhalirecho katundu amatenga miyezi kuti afike. Kuwunjika ambiri sikuthandiza, chifukwa amatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. N'chifukwa chake mayiko a SADC anagwirizana zoti azigulira pamodzi kudzera ku Medical Stores Department ya ku Tanzania kuti mtengo utsike, koma aliyense ayenerabe kulipira gawo lake pa nthawi yake.