Tikadye mkati mwa Gold Reef City kapena tinyamule kamba?

Mayi ena a kuno ku Mangochi, mbali ya ku Namwera, anditumizira imelo. Amuna awo amagwira ntchito ku Joni, ndipo awaitana kuti tchuthi cha Disembala akachezere komweko pamodzi ndi ana atatu ndi apongozi awo aakazi. Bambowo alonjeza kale ana kuti akawatengera ku Gold Reef City, paki ya masewera ndi zisangalalo ya kumeneko. Funso la mayiwa ndi ili: "Kodi tikadye m'malesitilanti a mkatimo kapena tinyamule kamba? Ife ndife Asilamu, komanso apongozi anga tsiku likatha osalawa nsima amati agona ndi njala."

Mayi, zikomo pondilembera. Maganizo anga ndi akuti chakudya chenicheni cha tsikulo musachiyembekezere mkatimo. Mukadye mokhuta musanalowe, mkati mukangogula zotsitsira njala, ndipo phwando la banja mukalichitire kunja madzulo.

Gold Reef City ili ku Ormonde, kummwera kwa Johannesburg, pamalo pomwe panali mgodi wa golide umene unatsekedwa mu 1971. Nyumba zambiri za mkatimo anazimanga motengera mmene tauni inkaonekera golide atangopezeka kumene mu 1886. Apongozi anu mwina zimenezi zikawakhudza kuposa ana, chifukwa m'midzi yathu muno n'zosowa kupeza banja limene linalibe wopita ku migodi pa Wenela. Koma anawo akufuna makatungwe ndi tisitima tothamanga ngati Anaconda, komwe munthu amazondoka mutu pansi miyendo m'mwamba, ndi Tower of Terror yomwe imakugwetsani chamutu kuloza kudzenje. Apa ndi pamene nkhani ya chakudya ikuyambira. Mwana amene wangomaliza chipisi, soda ndi ayisikilimu asakwere zimenezi. Akasanza, ndipo chisangalalo cha tsiku lonse chikathera m'bafa. Yambani ndi zoopsazo m'mawa, kadzutsa atatsika, mizere isanatalike. Kudya kubwere pambuyo, kenako muzikayenda pang'onopang'ono m'malo oonerera.

Za kamba: malo otere ambiri salola chakudya chochokera kunja ndipo amasecha zikwama pageti. Auzeni bambo a ana aone malamulo pa tsamba la intaneti la malowo, pamodzi ndi masiku otsegulira, musanavutike kukazinga nkhuku usiku. Ngati pali mwana wakhanda kapena apongozi ali ndi matenda a shuga, nenani pageti mwaulemu, musabise m'chitenje.

Mitengo ya mkatimo ndi yokwera, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: mukalowa mulibe kwina kogula. Zili ngati chambo cha pa hotela za m'mbali mwa nyanja, chomwe mtengo wake sufanana ndi wa padoko ngakhale nsombayo yachokera m'ngalawa imodzi. Chomwe chimadya ndalama kwambiri si mbale yaikulu ayi, koma tizinthu ting'onoting'ono: botolo la soda apa, maswiti apo, ayisikilimu kawiri. Disembala ku Joni kumatentha, ana amamva ludzu pafupipafupi. Mukakhala pa lesitilanti pemphani madzi a pampopi, amapereka ulere, ndipo soda akhale mmodzi pa mwana aliyense tsiku lonse. Muwauziretu kunyumba, kuti kulira kuthere komweko. Mbale zakonso zimakhala zazikulu, ana awiri aang'ono atha kugawana imodzi osadandaula.

Tsopano nkhani ya halaal, yomwe kwa ine ndiyo yaikulu m'kalata yanu. Kuno tinazolowera kuti ukalowa m'lesitilanti pa boma kapena pa Namwera sufunsa n'komwe, umadziwa amene wazinga mbuziyo. Ku South Africa si choncho. Nyama ya nkhumba imalowa m'zakudya zomwe simungaziganizire: kachidutswa mu baga, pamwamba pa pitsa, m'mbale ya kadzutsa pambali pa mazira. Ngakhale muitanitse nkhuku, mwina yaotchedwa pa chiwaya chomwecho. Kufunsa woperekera zakudya kuti "ndi halaal?" sikokwanira. Ambiri amayankha kuti inde ndi mtima wabwino ndithu, poganiza kuti mukungofunsa ngati m'mbalemo muli nkhumba.

Chimene muyenera kufuna ndi satifiketi yopachikidwa pakhoma kapena pafupi ndi polipirira. Mabungwe odziwika opereka masatifiketi amenewa ndi SANHA, NIHT ndi MJC. Muwerenge bwino, chifukwa satifiketi imakhala ya nthambi imeneyo yokha ndipo imakhala ndi tsiku lothera. Lesitilanti ya dzina limodzi itha kukhala ya halaal ku dera lina, koma nthambi yake ina ayi. Choncho mawu akuti "tinadyako kale kwa amenewa" asakugonetseni tulo. Mukapanda kuiona satifiketi, khalani pa zinthu zosakayikitsa monga zipatso, chimanga chophulitsa ndi zakumwa za m'botolo, njala yeniyeni muisunge.

Muisungire ku Fordsburg. Kuchoka ku Gold Reef City si kutali pa galimoto, ndipo dera limeneli pamodzi ndi Mayfair kuli Asilamu ambiri, mizikiti, ndi malo odyera a halaal ochuluka: biriyani, nyama yootcha, samusa, nkhuku ya tsabola. Kumeneko mukadya mtima uli m'malo, ndipo ndalama yomwe mkati mwa paki ikanangogula mabaga ikhutitsa banja lonse. Amuna anu ngati akhalitsa ku Joni akudziwako ndithu.

Apongozi asade nkhawa kwambiri. Kumeneko kuli pap, yomwe amaphika ndi ufa wa chimanga womwewu, ndipo yolimbayo siitalikirana ndi nsima yathu. Amaidya ndi nyama yootcha ndi chakalaka, ndiwo za tomato, anyezi, karoti ndi tsabola. Agogo akanena kuti si yofewa ngati ya ufa woyera wa kwathu, akhala akunena zoona, musatsutsane nawo. Njira yosavuta ndi kuwaphikira nsima kunyumba m'mawa musananyamuke, ngakhale ana aseke kuti nsima ya kadzutsa. Munthu wamkulu amene wadya nsima amapirira tsiku lonse pabenchi akuyang'anira zikwama.

Mukaganizabe zokhala pansi mu lesitilanti ya mkatimo, pewani nthawi ya nkhomaliro yeniyeni, chifukwa pa tchuthi cha sukulu aliyense amamva njala nthawi imodzi. Lowani cha m'ma 11 koloko kapena mudikire cha m'ma 2 koloko. Nthawi yachiwiriyi ili ndi ubwino wina: m'chilimwe cha ku Joni mvula ya mabingu imakonda kugwa masana dzuwa likapendeka, makatungwe ena amaimitsidwa, ndiye bola ikupezeni muli pansi pa denga mukudya.

Bilu ikabwera, msonkho wa VAT umakhala uli kale m'mitengo ya pa menyu, koma woperekera zakudya amayembekezera kangachepe, kawirikawiri 10 peresenti ya bilu yonse. Magulu akuluakulu malo ena amawawonjezereratu ndalamayi, ndiye popeza mudzakhala anthu 6, yang'anani pansi pa lisiti musanapereke kawiri.